Akuopa mnzake ndani? Kuzindikira nkhanza za m'banja

Palibe banja losayambana. Anthu awiri okulira makomo osiyana akalowa nyumba imodzi amasemphana pa ndalama, pa ana, pa apongozi, ngakhale pa mchere wa m'ndiwo. Akuluakulu anazidziwa kalekale zimenezi, n'chifukwa chake ukwati sumangidwa popanda ankhoswe. Koma pali nkhani zina zimene zimafika kwa ankhoswe zikutchedwa kusamvana pomwe si kusamvana. Mmodzi mwa awiriwo amalankhula momasuka, akuseka ndi alamu ake. Winayo amazyolika, ndipo asanayankhe funso lililonse amayamba wayang'ana cham'mbali nkhope ya mnzakeyo. Akuluakulu amagamula kuti aliyense ali ndi mbali yake yolakwa, amawauza kuti akhululukirane, n'kuwabweza kunyumba komweko. Wamantha uja amapita atadziwa kuti kudandaula sikupindula kanthu, ndiponso kuti usiku womwewo akafunsidwa chimene anakaululira za m'nyumba.

Mkangano ndi wina, nkhanza ndi zina

Pa mkangano anthu amalimbirana nkhani yooneka: ndalama iyi tigule fetereza kapena tilipire fizi, mlamu akhale nafe kapena abwerere kumudzi. Onse amakweza mawu, onse amatha kunena kuti ayi, ndipo nkhaniyo ikatha mkangano nawonso watha. Lero wagonja uyu, mawa wagonja uyo.

Pa nkhanza cholimbirana si fetereza kapena fizi. Nkhani imangokhala podzera. Lero nsima sinapse, mawa yapsa koma yachedwa, mkuja yafulumira koma mwana walira pamene bambo akumvera mpira. Chimene wankhanza akufuna n'chakuti mnzakeyo asaiwale wolamula ndani, ndipo wogonja amakhala yemweyo tsiku ndi tsiku.

Choncho funso lozindikirira nkhanza si lakuti “wakumenya kangati?” kapena “bala lili pati?” Funso ndi lakuti m'nyumbamo akuopa mnzake ndani. Kodi mtima umagunda mukamva geti likutseguka madzulo? Kodi mumafufuta mauthenga a achemwali anu pafoni ngakhale mulibe choipa chilichonse? Kodi mumayamba mwayeza nkhope ya munthuyo musananene kuti sopo watha? Kodi ana amasiya kuseka n'kulowa kuchipinda akangomva mawu ake panja?

M'zaka za m'ma 1980, mumzinda wa Duluth ku Minnesota m'dziko la America, Ellen Pence ndi anzake ankakhala pansi ndi amayi omenyedwa n'kuwafunsa mmene moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unkayendera. Zimene anamva anazijambula ngati gudumu. Pakati analembapo mphamvu ndi ulamuliro. Masipoko ake ndi njira zimene amayiwo ankatchula mobwerezabwereza: kuopseza, kunyoza, kupatula munthu kwa abale ake, kumumana ndalama, kugwiritsa ntchito ana, kukana kulakwa n'kuloza chala wovutikayo. Kumenya ndi kugwirira anaziika kunja, pamkombero wogwira zonsezo. Chithunzichi chikugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri chifukwa chimafotokoza chinthu chimene oyandikana nawo nyumba saona: wankhanza safunika kumenya tsiku lililonse. Munthu amene anamenyedwapo kamodzi koopsa, diso lokha limamukwanira chaka chathunthu.

Katswiri wina wa ku America, Evan Stark, analemba buku mu 2007 lonena kuti kupondereza kotereku kumalanda munthu ufulu ngakhale popanda bala. England ndi Wales anakusandutsa mlandu mu 2015, ndipo wopezeka wolakwa atha kukhala m'ndende mpaka zaka zisanu.

Zimayamba ngati chikondi

Nkhanza zambiri siziyamba ndi khofi. Zimayamba pachibwenzi, ndi foni yolira ola lililonse. “Uli kuti? Uli ndi ndani? Tajambula pomwe ulipo ndione.” Mtsikana amauza anzake monyadira kuti mnyamatayo sagona akapanda kumva mawu ake. Kenako mnyamata amafuna nambala yachinsinsi ya foni, amafunsa chifukwa chake WhatsApp imaonetsa kuti anali maso pakati pa usiku, amaletsa buluku, amaletsa kupaka milomo. Akamugulira foni, foniyo imakhala ya wogulayo pamodzi ndi zonse zolowamo.

Chotsatira ndi anthu omuzungulira. “Anzako aja ndi mahule, akukuphunzitsa zoipa.” “Amayi ako sandifuna, ukapita kumeneko umabwerako wasintha.” Salankhula kuti ndakuletsa, amangokwiya masiku atatu nthawi iliyonse mkazi akapita kwao, mpaka mkaziyo amasiya yekha kupitako pofuna mtendere. Pakatha zaka ziwiri alibe mnzake womuuza zakukhosi, ndipo tsiku limene khofi loyamba lagwa palibe woti amuone nkhope yotupayo.

Kwathu kuno timanena kuti nsanje ndi chikondi, ndipo mawu amenewa aphimba zambiri. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita amafunsa amayi okwatiwa mafunso asanu pa nkhani yomweyi: ngati mwamuna amakwiya iwo akalankhula ndi amuna ena, ngati amawanamizira chigololo kawirikawiri, ngati amawaletsa kucheza ndi amayi anzawo, ngati amawachepetsera kuonana ndi abale, ndiponso ngati amafuna kudziwa komwe ali nthawi zonse. Mafunsowa sanaikidwemo mwangozi. Mayi akavomera ambiri mwa iwo, chiopsezo choti amamenyedwanso chimakhala chachikulu.

Ya ndiwo

Nkhanza za pa ndalama ndizo anthu ambiri sazitcha nkhanza n'komwe. Mayi amalima fodya kapena soya limodzi ndi mwamuna wake chaka chonse, kuyambira ku nazale mpaka kusoka ndi kudinda mabelo. Nthawi yogulitsa amapita ndi bambo okha, n'kubwerako patatha milungu iwiri ndi wailesi, fungo la mowa ndi mawu akuti mitengo inali yoipa. Kufunsa risiti ndi mwano.

M'tauni zimavala malaya ena. Mayi ndi mphunzitsi kapena namwino, koma khadi yake ya ku banki imagona m'thumba la mwamuna. Wina amaletsedwa geni chifukwa kumsika kuli amuna. Wina amasiyiridwa ya ndiwo yosakwana ngakhale bonya, madzulo n'kufunsidwa chifukwa chake m'mbale mulibe nyama. Imene ikupweteka amayi ambiri masiku ano ndi ngongole ya banki m'khonde: amatumidwa kukatenga m'dzina lawo, ndalama amalandira ndi bambo, ndipo tsiku lobweza likafika gulu limadzazula malata kapena kutenga mapoto a mayiyo, bambo ali kubawo.

Umphawi ulipo, ndipo si bambo aliyense wobwera chimanjamanja amene ali wankhanza. Kusiyana kwake n'kosavuta kuona. M'banja losauka koma lamtendere onse awiri amadziwa kuti ndalama yalowa zingati ndipo yapita kuti. M'banja lankhanza mmodzi yekha ndiye amadziwa, winayo amapempha, ndipo kupatsidwa kapena kumanidwa kumadalira mmene wamvera sabata imeneyo.

Kuchipinda

Pachilangizo mtsikana amauzidwa kuti asamukanize mwamuna, kuti angapite kunja. Mnyamata sauzidwa kuti mkazi wodwala, wotopa, kapena amene wangochira kumene ali ndi ufulu wonena kuti lero ayi. Zotsatira zake n'zakuti amayi ambiri amagonedwa mokakamizidwa zaka ndi zaka osadziwa kuti zimenezi zili ndi dzina.

Kuchipatala amaona mbali ina ya nkhaniyi. Pali amayi amene amasungitsa kwa mnzawo buku lawo la kuchipatala kuti mwamuna asadziwe za kulera, ndipo amasankha jakisoni chifukwa sasiya chizindikiro. Pali ena amene amabisa ma ARV m'thumba la ufa, poopa kuti akaulula zotsatira za magazi adzatchedwa obweretsa matenda m'nyumba ndi munthu amene iye mwini akukana kukayezetsa. Kukana kondomu mwadala, kukakamiza mimba, kukakamiza kuchotsa mimba, zonsezi zili m'gulu lomweli.

Apa lamulo lathu lili ndi mpata. Lamulo la maukwati ndi mabanja la 2015 limanena kuti mwamuna wagwirira mkazi wake ngati wagona naye mosavomera pa nthawi imene khoti lawapatula. Amene akukhala nyumba imodzi, amenenso ndiwo ochuluka, ndime imeneyi siwakhudza. Ndikuona kuti aphungu anaopa kufika pamene nkhaniyo inayenera kufika. Komabe lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza zogonana m'gulu la zimene munthu angapemphere chitetezo kukhoti.

Chatsopano ndi zithunzi. Chibwenzi chikatha, wina amaopseza kuti azimwaza pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp ngati mnzakeyo sabwerera. Kuvutitsa ndi kuopseza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a kompyuta ndi mafoni.

Ndi angati?

Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a m'Malawi amene anakwatiwapo, 42 anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuzunzidwa m'maganizo. Mwa amayi ochitiridwa nkhanza, pafupifupi theka sanapemphe thandizo kulikonse ndipo sanauzeko munthu aliyense. Amene anapempha thandizo, ambiri anapita kwa abale awo, osati kupolisi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse padziko amamenyedwapo kapena kugwiriridwa pa moyo wake, ndipo nthawi zambiri wochita zimenezi ndi mwamuna kapena chibwenzi chake.

Mawa lake

Wokhala kunja amaganiza kuti wankhanza ndi chilombo tsiku lonse. Akanakhala wotero bwenzi nkhaniyi ili yophweka. Mawa lake munthu yemweyo amabwera ndi chitenje chatsopano ndi kilo ya nyama, amagwada, amalira misozi yeniyeni. “Ndi Satana ameneyu, mayi a ana. Ndi mowa. Sindidzayambiranso.” Amatenga mwana n'kumuyendetsa panjinga. Kwa milungu ingapo mkazi amaonanso mnyamata amene anamufunsira uja.

Lenore Walker, katswiri wa za maganizo wa ku America, anafotokoza mu 1979 kuti nkhanza zimayenda mozungulira: nyengo imene mkwiyo ukuunjikana ndipo m'nyumba aliyense akuyenda monyang'ama, tsiku lophulika, kenako nyengo yopepesa ndi yokoma, mpaka mkwiyo uyambenso kuunjikana. Si mabanja onse amene amatsata ndondomeko imeneyi. Ena sapepesa n'komwe, ndipo mwa ambiri nyengo yokomayo imafupika chaka ndi chaka mpaka kutheratu. Koma imatithandiza kumvetsa chifukwa chake mayi amene dzulo anathawira kwa aneba opanda nsapato lero akutsuka malaya a mwamuna yemweyo akuimba nyimbo. Sananame dzulo, ndipo lero sakunamizira.

Kupepesa kumabweranso ndi kagawo ka mlandu. “Ukanapanda kundiyankha sindikanatero.” Munthu akamva zimenezi zaka zisanu amayamba kukhulupirira, ndipo amathera nzeru zake zonse pofufuza njira yophikira, yovalira ndi yolankhulira imene siputa mkwiyo. Njira imeneyo kulibe, chifukwa malamulo ake amasintha pamene iye wawadziwa.

Mowa, umphawi ndi mtima wapachala

“Akakhala kuti sanamwe ndi munthu wabwino.” N'zoona kuti mowa umakulitsa nkhanza, amayi amene amuna awo amaledzera kawirikawiri ndiwo amamenyedwa kwambiri. Koma pali oledzera ambirimbiri amene amafika kunyumba akuimba n'kugona ndi nsapato osakhudza munthu. Ndipo woledzera wankhanza uja amadutsa mwamtendere mwini bala, wakabaza, wapolisi wa pa rodibuloko ndi mlonda wa pageti, mkwiyo n'kudzamupeza pamene watseka chitseko cha kunyumba kwake. Amene amati ali ndi mtima wapachala sanamenyepo bwana wake kuntchito. Ena amadziwa ndi pomenya pomwe, pamene zovala zimaphimba. Munthu wosankha nthawi, malo ndi womumenya sanataye mutu.

Umphawi nawonso umawonjezera moto, koma nkhanza zili ku Area 43 ndi ku Namiwawa monga zilili ku Mtandire ndi ku Mbayani. Kusiyana n'kwakuti mpanda wa njerwa umabisa kulira bwino kuposa khoma la nyumba ya lendi.

Muzu wake uli m'chikhulupiriro chakuti mwamuna ali ndi ufulu wolanga mkazi monga alangira mwana, ndipo chimenechi munthu amachiphunzira pakhomo. Mwana wamwamuna amene anaona bambo ake akumenya mayi ake ali pangozi yodzachita zomwezo, ndipo mwana wamkazi ali pangozi yodzaziona ngati gawo la ukwati, ngakhale kuti ambiri okulira m'nyumba zotere amakula n'kudana nazo kotheratu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anafunsanso ngati mwamuna ayenera kumenya mkazi akapsereza ndiwo, akatsutsana naye, akachoka osatsanzika, akalekerera ana kapena akakana kugona naye. Amayi 16 mwa 100 alionse anavomereza chifukwa chimodzi kapena zingapo. Amuna ovomereza anali 13. Anthu amene amati kumenya ndi mankhwala a banja si amuna okha. Mawu amenewa amatulukanso m'kamwa mwa azakhali ndi alangizi.

“Bwanji osangochoka?”

Funso limeneli limafunsidwa ndi anthu okonda wovutikayo, ndipo limamupweteka kuposa mmene iwo amaganizira. Achoke apite kuti, ndi ana anayi, opanda ngakhale ya minibasi? Kumene ukwati ndi wa malowolo, monga kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, ana amawerengedwa a kuchimuna, ndipo makolo a mkazi amaopa kubweza ng'ombe zimene zinadyedwa kale. Kuchikamwini mkazi amakhala pakati pa alongo ake ndi amalume, zomwe zimamutchinjirizako, koma mabanja ambiri lero ali m'tauni, kutali ndi onsewo. Akabwerera kwao amamva kuti banja lamukanika. Amauzidwa kuti banja ndi kupirira, kuti walira mvula walira matope. Kumpingo amaopa kuvula yunifomu ya amayi. Kwa amene ali ku Joni opanda mapepala, kapena ku Britain pa chitupa chodalira cha mwamuna kapena mkazi wake, wankhanza amakhala ndi chikwapu china: amasunga pasipoti n'kumati ukandinenera akuthamangitsa m'dziko muno.

Palinso chikondi, chimene anthu safuna kuchimva. Ambiri safuna kuti banja lithe. Amafuna kuti nkhanza zithe.

Chifukwa chachikulu kuposa zonse ndi chimene wovutikayo amachidziwa m'mafupa ake: nthawi yochoka ndiyo yoopsa kwambiri. Wankhanza akaona kuti ulamuliro ukumupulumuka m'manja, ndi pamene amafika pa zimene sanachitepo. Nkhani zambiri za amayi ophedwa zimene timamva pawailesi zimakhala ndi mawu akuti awiriwa anali atapatukana, kapena kuti mkaziyo anali atangobwerera kwao. Mayi amene akuchedwa kuchoka nthawi zina akuwerengera bwino kuposa ife omufulumizitsa.

Zizindikiro zoti moyo uli pangozi

Jacquelyn Campbell wa ku Johns Hopkins University ndi anzake anafufuza imfa za amayi ophedwa ndi amuna awo m'mizinda 11 ya ku America, n'kutulutsa zotsatira mu 2003. Anafuna kudziwa chimene chimasiyanitsa nkhanza zothera ku imfa ndi zinazo. Zina mwa zimene anapeza ndi izi: mwamuna kukhala ndi mfuti, kuopsezapo mkazi ndi chida, kunenapo kuti adzamupha, kupatukana makamaka ndi mwamuna wolamulira chilichonse, kumulondalonda, kumugona mokakamiza, kumumenya ali woyembekezera, ndiponso kukhala m'nyumbamo mwana wopeza. Kwathu kuno m'malo mwa mfuti muikepo chikwanje, mpeni ndi nkhwangwa.

Chizindikiro chimodzi chiyenera kutchulidwa pachokha: kukanyanga pakhosi. Nthawi zambiri sikusiya bala looneka, motero mayi amangoti “anangondigwira pakhosi” ndipo omva amapuma kuti sanamenyedwe. Kafukufuku wa 2008 wa gulu lomwelo anapeza kuti mayi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake ali pangozi yophedwa yoposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi amayi ena ochitiridwa nkhanza. Mawu osasa, kuvutika kumeza kapena kupuma, kukomoka ngakhale kwa kanthawi, zonsezi n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawu akuti “ndikupha kenako ndidzipha” kapena “ukandisiya sudzakhala wa munthu wina” asatengedwe ngati zolankhula za mkwiyo. Mabungwe a United Nations anawerengera kuti mu 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 51,100 padziko lonse anaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi kapena achibale, kutanthauza 140 patsiku, ndipo Africa ndiyo inali ndi chiwerengero chachikulu.

Ana amamva

“Ndikupirira chifukwa cha ana.” Koma ana amene makolo amati anali m'tulo amakhala ali maso. Ena amayambiranso kukodza pogona, ena amagwa m'kalasi, ena amamenya anzawo, ena amangokhala duu. Mwana wamkulu amasanduka mlonda: amabisa mipeni bambo asanafike, amatulutsa ang'ono ake, ndipo tsiku lina amalowa pakati n'kulandira chibakera chimene chimapita kwa mayi ake.

Amuna nawonso

Ochitiridwa nkhanza zoopsa ambiri ndi amayi, koma amuna ozunzidwa alipo. Wina amathiridwa madzi otentha kapena phala, wina amamanidwa chakudya ntchito ikamuthera, wina amanyozedwa za kuchipinda pamaso pa ana. Mkamwini atha kulima ndi kumanga nyumba zaka khumi n'kupirikitsidwa ndi kachikwama kokha. Chowatseka pakamwa ndi kuseka kwa amuna anzawo ndi mawu akuti mwamuna salira. Funso lozindikirira ndi lomwe lija la amene akuopa mnzake, ndipo lamulo la 2006 limateteza mwamuna ndi mkazi mofanana. Koma kusamala kukufunika: wankhanza wochenjera amathamangira kukadandaula poyamba, akuonetsa zikhadabo zimene mnzake anamukanda podziteteza.

Ankhoswe ndi abusa

Unkhoswe ndi nzeru yabwino imene yapulumutsa mabanja osawerengeka. Koma unapangidwira anthu awiri otha kulankhula momasuka pamaso pa wina ndi mnzake. Kukhazika wozunza ndi wozunzidwa pamphasa imodzi n'kufunsa kuti “nanga inu mayi munalakwa chiyani?” ndiko kumaliza ntchito ya wozunzayo, pakuti iye wakhala akunena zomwezo kunyumba. Wozunzidwa sanganene zoona pamene akudziwa kuti abwerera limodzi ndi munthuyo, ndipo wankhanza nthawi zambiri amakhala waulemu, wodziwa kulankhula, wopereka bwino kumpingo ndi pamaliro.

Nkhoswe kapena mbusa wanzeru amayamba wamva aliyense payekha. Amafunsa za mantha asanafunse za zolakwa. Akamva za chikwanje, za pakhosi kapena za kuopseza kupha, amadziwa kuti nkhaniyo yapitirira msinkhu wa pamphasa, ndipo amaperekeza yekha mwana wakeyo kupolisi. Kukhululuka ndi nkhani ya mumtima, ndipo munthu atha kukhululuka ali kwa amayi ake. Umboni wa kusintha si misozi ya tsiku la mlandu koma miyezi yambiri ya khalidwe lina, munthuyo atavomera zimene anachita popanda mawu akuti “koma nayenso”.

Lamulo likuti chiyani

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2006, dziko litagwedezeka ndi nkhani zingapo, kuphatikizapo ya mayi wina wa ku Dowa amene mwamuna wake anamudula manja onse awiri. Limazindikira nkhanza za kuthupi, zogonana, za m'maganizo ndi za pachuma. Silifuna mtchatho wa ukwati: limakhudzanso anthu ongolowana, amene anaberekerana mwana, ndi zibwenzi zimene zapitirira chaka.

Chida chake chachikulu ndi chikalata cha chitetezo chochokera kukhoti, chimene kumeneko amachitcha protection order. Khoti litha kuletsa wankhanza kumenya, kuopseza, kuyandikira kunyumba kapena kuntchito kwa wodandaula, ndipo litha kumulamula kupereka ndalama zothandizira banja. Lithanso kulamula kuti wodandaula ndi ana akhale m'nyumbamo, wankhanzayo ndiye atuluke, ngakhale nyumbayo ikhale ya lendi. Pakakhala ngozi, chikalata chongoyembekezera chitha kuperekedwa winayo asanaitanidwe. Anthu ambiri sadziwa kuti zonsezi zitha kuchitika popanda kuthetsa ukwati. Kuphwanya chikalatacho ndi mlandu, ndipo kuvulaza munthu ndi mlandu kale pansi pa malamulo a milandu, kaya wovulazidwayo ndi mkazi wako kapena mlendo. Maiko ena a m'chigawo chino cha Africa alinso ndi malamulo otere: South Africa 1998, Mozambique 2009, Zambia 2011.

Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yolandira nkhani zotere. M'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi zina za m'maboma muli malo a Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi. Wogwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, komanso oletsa mimba yosayembekezera. Bungwe la YONECO limayendetsa manambala aulere a 5600 pa nkhanza ndi 116 pa nkhani za ana. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau kapena ku mabungwe monga WOLREC. Si ofesi iliyonse imene imalandira munthu bwino; pali apolisi amene amabwezabe anthu kuti za m'banja mukakambirane kunyumba. Wobwezedwa ali ndi ufulu wopempha kuonana ndi wamkulu wa siteshoni kapena kupita yekha kukhoti la majisitireti.

Mnzanu akakuululirani

Kawirikawiri sanena zonse tsiku loyamba. Amayamba ndi kachidutswa, “bambo a kunyumba masiku ano sachedwa kupsa mtima,” kuti aone nkhope yanu. Mukadzidzimuka n'kuyamba kutukwana mwamunayo, amamuikira kumbuyo n'kutseka pakamwa. Mukafunsa chimene iye analakwa, amatsekanso. Chothandiza ndi kumva mpaka amalize, kumuuza kuti mwakhulupirira, ndi kumufunsa ngati akuopa kuti tsiku lina adzaphedwa. Funso limeneli limaoneka lolemera, koma wovutikayo ndiye amadziwa bwino kukula kwa ngozi yake.

Musamulamule zochita, wolamula ali naye kale kunyumba. Musakakumane ndi wankhanzayo kuti mumudzudzule mnzanuyo asanavomere, pakuti wolipira ndi yemwe mukufuna kumuthandizayo. Mutha kumusungira chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, zovala pang'ono ndi kandalama ka ulendo. Mutha kugwirizana mawu achinsinsi oti akakuimbirani kapena akatuma mwana mudziwe kuti zavuta. Mkangano ukayamba apewe kukhitchini kumene kuli mipeni, akhale cha kukhomo. Ngati waganiza zochoka, asalengeze. Achoke mwamunayo kulibe, ndipo komwe wapita adziwe anthu ochepa.

Mwina adzapita kupolisi, mawa lake n'kukathetsa mlandu chifukwa apongozi abwera kudzalira, kapena chifukwa wogula ufa ndi yemwe ali m'chitolokosiyo. Mwina adzachoka n'kubwerera, kawiri kapena katatu. Ambiri amene anachokeratu anadzera njira yomweyi, ndipo amene anawathandiza ndi abale ndi anzawo amene sanatope n'kunena kuti zako zimenezo. Pa ulendo uliwonse mulimbikitseni kuti apite kuchipatala, zovulala zilembedwe m'buku ndi tsiku lake, ndipo ngati n'kotheka zijambulidwe pa foni yanu, osati yake. Ngakhale mlandu wa lero authetse, zolembedwazo khoti lidzazilandira tsiku limene adzafune chikalata cha chitetezo.